Kalata yochokera ku Charlottesville

Anachisale,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno kwazizira, koma ntchito ikuyenda.

Pali chikwangwani china m'mbali mwa msewu muno mu Charlottesville chimene ndakhala ndikungochidutsa. Sabata yatha ndinaima n'kuchiwerenga, ndipo chichokereni pamenepo mtima wanga sunakhale pansi. Chimakamba za mtsikana wa m'tauni muno, Carrie Buck.

Carrie ankaleredwa pakhomo pa eni. Ali ndi zaka 17, wachibale wa pabanjapo anamugwirira, mimba n'kukhala. Pobisa manyazi, eni khomo anakamutula kumalo osungirako anthu amene ankawati ndi ozerezeka, kufupi ndi Lynchburg, komwe mayi ake analinso. Masiku amenewo madokotala ndi anthu ophunzira kuno ankaphunzitsa kuti umphawi, umbava ndi kuperewera nzeru zimayenda m'magazi, choncho anthu otere azitsekedwa kuti asabereke. Chiphunzitsocho ankachitcha eugenics. Dera la Indiana ndilo linayamba kukhazikitsa lamulo lotere mu 1907, la Virginia, komwe kuli tauni ino, linatsatira mu 1924, ndipo anasankha Carrie kuti alipimire pa iye kukhoti. Harry Laughlin, amene ankalimbikitsa malamulowa dziko lonse, anapereka umboni woti mtsikanayu alibe nzeru, chonsecho sanamuonepo ndi maso. Loya amene ankati akumuimira anali mnzawo wa akuluakulu a pamalopo.

Mu 1927 khoti lalikulu la America linavomereza kuti Carrie atsekedwe, oweruza 8 mwa 9. Mmodzi wa oweruzawo, Oliver Wendell Holmes, analemba kuti mibadwo itatu ya zitsiru ndi yokwanira. M'badwo wachitatuwo, chemwali, anali khanda la Carrie, dzina lake Vivian, limene analiweruza lisanakwanitse n'chaka chomwe. Mwanayo atayamba sukulu ankakhoza bwinobwino. Anamwalira ali ndi zaka 8. Anthu oposa 60,000 anatsekedwa muno mu America, ndipo dziko la Germany linapanga lamulo lake lofanana mu 1933.

Koma amene wandisowetsa tulo ndi mng'ono wake wa Carrie, Doris. Iyeyu anamuuza kuti akum'panga opaleshoni ya apendikisi, chonsecho akumutseka. Anakwatiwa, n'kumadikira mwana mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, kumadziona ngati wolephera ndi iyeyo. Anadzamva zoona patatha zaka zoposa 50. Inu mukukumbuka mmene azakhali anga ankanenedwera kuchitsime kuti ndi chumba, ndi mmene ankakhalira chete pakhonde ana a eni akamasewera pabwalo. Ndikaganiza kuti ululu umenewo munthu anausenzetsa mnzake mwadala, atavala gauni loyera, misozi imangotsika. Kutseketsa kumene mayi wasankha yekha atafotokozeredwa bwino ndi kwina, izi zinali kuba.

Boma la Virginia linachotsa lamuloli mu 1974 ndipo linapepesa mu 2002, Carrie atagona kale kumanda chiyambire 1983.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti nsalu ija ndimafunda tsiku lililonse.

Ndine mnzanu,
Nabanda