Kalata ya Abusa: Khasu Latilemera, Tisalemetsanenso Tokha

Okondedwa akulu ampingo, atumiki, amayi a Mvano, achinyamata ndi Akhristu nonse,

Chisomo ndi mtendere zochokera kwa Mulungu Atate ndi Ambuye wathu Yesu Khristu zikhale nanu, inu a pasiteshoni pano ndi inu a m'nyumba zathu zamapemphero, kuyambira kugombe mpaka kumtunda.

Lamulungu la Masika layandikira, ndipo ndikudziwa kuti m'makomo ambiri tsikuli likubwera ndi nkhawa. Alipo amene akonza kale zodzajomba chifukwa alibe choti adzasenze pamutu polowa m'tchalitchi. Ndamvanso mawu akuyenda pakati pathu, akuti amene sanakolole ndi aulesi, kapena kuti Mulungu wawamana chifukwa sapereka chakhumi. Mawu amenewa ndi abodza, ndipo sindifuna kuti amvekenso, kaya paguwa, kaya pa mlaga, kaya pamaliro. Ndayenda m'minda yanu. Ndaona manja a amayi okalamba atachita zikang'a, ndaona abambo akulawirira kumunda nkhuku zisanatsike. Munthu wotero akabwerako ndi matumba atatu, tifunse kaye chimene chachitika tisanamuweruze.

Choyamba ndi malo. Pa kalembera wa 2008, boma lino la Mangochi linali ndi anthu pafupifupi 800,000. Pofika 2018 tinali titapitirira 1.1 miliyoni. Nthaka sinakule. Munda umene agogo ankalima okha anaugawira ana aakazi anayi, anawo agawiranso awo, ndipo lero mkamwini akulozeredwa kachigawo koti akaima pakati amalankhulana ndi mnzake wa m'malire osakweza mawu. Mabanja ambiri alibe ngakhale hekitala imodzi. Kale munda ukaguga ankaugoneka n'kukatema mphanje. Lero mphanje ili kuti? Chaka ndi chaka chimanga pamalo omwewo, mpaka kaufiti wachita maluwa ofiira munda wonse, ndipo ku mbali ya kugombe nthaka yamchenga siisunga chinyezi ngakhale chonde. Munda wotere supereka kanthu popanda feteleza.

Nanga fetelezayo? Ekala imodzi ya chimanga imafuna matumba awiri, lokulitsa ndi lobereketsa. Pamene ndondomeko ya boma ya feteleza wotsika mtengo ya AIP inkayamba mu 2020, thumba linali K4,495 ndipo mabanja oposa 3 miliyoni anali pamndandanda. Kenako thumba linafika K15,000, ndipo pofika 2023 opindula anatsika kufika pa 1.5 miliyoni. Amene dzina lake silinatuluke amayang'ana kusitolo, kumene kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo inathawa, thumba limodzi n'kudzapitirira K100,000. Ngakhale amene dzina latuluka, kangati mwagona pamzere kudepoti, feteleza n'kudzafika chimanga chitayamba kale kumasula? Kangati thumba limodzi mwaligawana mabanja anayi, aliyense n'kumathira pang'onopang'ono ndi kachitsekerero ka botolo? Mbewu ya haibridi nayo ndi yogula chaka chilichonse. Mlimi amayamba ndi ngongole asanaponye njere imodzi m'phando.

Za mvula sinditalikitsa, mukuzidziwa kuposa ine. Namondwe Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023, kenako ng'amba ya El Niño imene inachititsa boma kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Chaka chomwecho nyanja inakwera n'kumiza madimba ndi nyumba za m'mphepete. Kumtunda chimanga chikupsa ndi dzuwa, kugombe madzi ali m'munda. Akuluakulu ankadziwa tsiku lobzala poona mitengo ikuphuka ndi mphepo ikatembenuka, koma lero munthu amabzala kawiri kapena katatu, ndipo ulendo uliwonse mbewu ndi yogula. Pamwamba pa izo pali ntchembere zandonda, zimene zinatifika cha mu 2017 ndipo sizinachokenso. Mumatsegula nsonga ya chimanga, mupeza ndowe zake zili mbwee, masamba atabooledwabooledwa. Ndaona amayi akuyenda phesi ndi phesi, akuthira mchenga ndi phulusa m'nsonga, ena msuzi wa bonya kuti nyerere zibwere zidzadye mbozizo, chifukwa ya mankhwala palibe. A m'mbali mwa Shire ndi Malombe amagona m'zisakasa kulondera mvuu, a kufupi ndi mapiri amatha tsiku akupirikitsa anyani. Munthu amene akuchita zonsezi tingamutche waulesi?

Koma zimene zikundiwawa kwambiri si za mvula kapena mbozi, pakuti izo sitingazilamule. Zikundiwawa ndi zimene zimachitika chimanga chikalowa m'nyumba, chifukwa pamenepo pali manja a anthu, ndipo ena mwa manjawo amanyema nafe mkate pa Mgonero.

Mu Meyi ndi Juni mlimi amakhala ndi chimanga koma alibe ndalama. Fizi ya mwana wa kusekondale ikudikira, ngongole ya feteleza ikudikira, sopo ndi mchere zatha, wina wadwala. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma misika ya ADMARC kawirikawiri imatsegulidwa mochedwa kapena imakhala yopanda ndalama, ndiye amene amafika pakhomo ndi venda, sikelo ili m'manja. Iye ndiye atchula mtengo, iye ndiye awerenga sikelo. Mayi amayang'ana muvi wa sikelo ukugwedezeka, amadziwa mumtima kuti thumba lake silingalemere choncho, koma akakana mwana abwezedwa kusukulu. Amagulitsa. Ndiye ifike Januwale. Mayi yemweyo ali pamsika ndi kajumbo, akugula chimanga chomwe chija pa chigoba, pamtengo wowirikiza. Anagulitsa pa thumba, akugula pa mbale. Chimene anasunga m'nyumba nacho anankafumbwe achisandutsa ufa chifukwa ya mankhwala osungira panalibe. Ena anati tithawire ku nandolo, ndipo munalima ndithu. Mu 2017 dziko la India litachepetsa kugula, mtengo unagwa mpaka ena anangomusiya m'munda osathyola. Chigamulo chinapangidwa kutsidya kwa nyanja zamchere, koma amene anagona ndi njala ndi mlimi wa kwa Chimwala ndi wa ku Namwera. A thonje nanu mukudziwa mmene zimakhalira kulima mbewu imene mtengo wake umaumva tsiku logulitsa.

Ndipo njala ya Januwale imabala njala ya chaka chamawa. Ili ndi limene ambiri odya bwino salimvetsa. Nthawi imene munda ukufuna kupalira ndi kubandira ndi nthawi yomweyo imene ufa watha m'nyumba. Ndiye mayi amatenga khasu m'mamawa, n'kudutsa munda wake umene udzu wafika m'mawondo, kupita kukapalira wa wina kuti apeze mbale ya ufa kapena ya madeya. Amagwira ganyu m'mimba muli mango owiritsa okha. Akabwerako dzuwa litapendeka, mphamvu zolowera m'munda wake palibe. Mawa chimodzimodzi. Pomwe adzati apalire wake, chimanga chachita kale chikasu, chaonda, ndipo zokolola zake zatheratu mwezi wa Febuluwale usanathe. Tikadzadutsa pamundapo n'kuona tchire, tisathamangire kunena kuti mwini wake sagwira ntchito. Thukuta lake lili m'munda wa mnzake, mwina wa ife amene tikuweruzafe.

Pamenepa m'pamene katapila amalowera. Thumba limodzi mu Januwale, udzabweze awiri pokolola. Ena afika pogulitsa chimanga chili chiimire m'munda, ena abwereketsa munda weniweniwo kwa zaka ziwiri kapena zitatu, n'kusanduka aganyu pa nthaka ya makolo awo. Werengani Nehemiya mutu 5. Anthu analira kuti akupinyolitsa minda yawo ndi nyumba zawo kuti apeze tirigu pa nthawi ya njala, ndipo amene ankawalanda sanali adani akunja, anali abale awo. Nehemiya anakwiya kwambiri, anasonkhanitsa akuluakulu, nawalamula kuti abweze mindayo tsiku lomwelo. Sanawauze osaukawo kuti alimbikire kupemphera. Anadzudzula olanda.

Makolo athu munda ukakanika ankatsikira kunyanja. Lero chambo ku Malombe chinasowa, ndipo alovi amachezera usiku wonse n'kubwerako ndi usipa wosakwana kugawana. N'chifukwa chake anyamata athu akuthera ku Joni. Sindiwanyoza. Mnyamata amene waona bambo ake akulima zaka zonse osagula ngakhale lata limodzi, mungamuuze chiyani kuti atsale? Ena amatumizadi ndalama, nyumba zamalata tikuziona. Koma ena amapita osamvekanso, ndipo khasu lonse limatsalira mayi, mwana kumsana, wina akudwala malungo. Mtsikana amasiyitsidwa sukulu kuti azilera ang'ono ake, ndipo pasanapite nthawi timamva kuti wakwatiwa, pofuna kuchepetsa pakamwa pakhomo. Ukwati wa mwana wosafika zaka 18 malamulo a dziko lino amaletsa, ndipo mpingo uno sudzaudalitsa, ngakhale njala ivute chotani.

Sindikunena kuti titaye makasu. Ulimi ndi ntchito imene Mulungu anapatsa munthu m'munda wa Edeni tchimo lisanalowe, ndipo dziko lino limadya kuchokera m'manja mwa alimi ang'onoang'ono. Ndikunena kuti tisanamizane. Ekala imodzi ya chimanga chodalira mvula, pa mitengo ya lero, singadyetse banja chaka chonse n'kulipiranso fizi. Amene akukwanitsa, mukafufuza mupeza ali ndi china pambali: malipiro a pamwezi, kagolosale, bwato, kapena mwana wa ku Joni. Zimenezo ndi madalitso, ayamike Mulungu, koma asayese mnzawo wodalira khasu lokha ndi muyeso wawo.

Tsono ndikupempha izi, ndipo ndiyamba ndi inu amene Mulungu wakupatsani dzanja lotambasuka. Ngati mumagula mbewu, sikelo yanu ikhale yoona. Miyambo 11:1 imati muyeso wonyenga umanyansa Yehova, ndipo sindiona kuti ndalama yochokera pa sikelo yobera ingayeretsedwe poiponya m'mbale ya chopereka. Ngati mwalemba waganyu, mulipireni tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, monga likunenera Deuteronomo 24:15, ndipo musamuonjezere mizere chifukwa mwaona kuti njala yamugwira pakhosi. Mpatseni ndime yoti amalize msanga akaonenso munda wake. Ngati mwakongoza m'bale thumba, mulandire thumba. Eksodo 22:25 amaletsa kulandira chiwongoladzanja kwa wosauka, ndipo Mkhristu wochita katapila wa chakudya akulu ampingo adzamuyendera. Ngati muli ndi munda wa mayi wamasiye umene munautenga chifukwa cha ngongole, bwerani tikambirane mmene mungaubwezere mvula isanagwe. Izi zikhudzenso mmene timachitira ndi anansi athu achisilamu. Timatunga nawo pa mjigo umodzi, timalira nawo maliro, ndipo njala ikafika sifunsa kuti uyu amapemphera Lachisanu kapena Lamulungu.

Kwa inu amene mukuvutika, sindibwera ndi nzeru zoposa za alangizi, koma zimene ndaona zikuthandiza ndizinena. Chinangwa ndi mbatata zimapirira ng'amba kuposa chimanga, mapira nawonso, ndipo kudya zimenezi si umphawi. Amene anapanga manyowa a Mbeya, osakaniza madeya, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, anatambasula thumba limodzi n'kufikira malo okulirapo. Amene ali ndi dimba asaligoneke chilimwe chino. Ndipo musagulitse nokhanokha pakhomo. Mabanja khumi akaika matumba awo pamodzi n'kupeza sikelo yawo, venda amalankhula mwaulemu. Banki mkhonde ingathandize kuti fizi ya Meyi isadye chimanga cha Januwale, bola ngongole yake ikhale ya chinthu chooneka, osati ya chitenje cha ukwati.

Za Masika, akulu ampingo tagwirizana motere. Chaka chino sitiwerenga maina ndi kuchuluka kwa zimene aliyense wapereka, ndipo milaga sipikisana. Amene ali ndi thumba abweretse thumba, amene ali ndi mbale ya nandolo, dzungu kapena mtolo wa chinangwa abweretse chomwecho, ndipo amene alibe kanthu abwere yekha adzakhale pamalo pake, pakuti Paulo anati mphatso imalandiridwa monga momwe munthu ali nazo, osati monga momwe alibe. Chimanga cha Masika sitigulitsa chonse monga mwa masiku onse. Gawo lina tilithira mankhwala, tilisunge pasiteshoni mpaka Januwale, kuti lidzathandize okalamba, amasiye ndi odwala, komanso kuti mabanja amene ufa wawathera adzathe kukhala masiku angapo m'minda yawo m'malo mopita kuganyu. Achinyamata, ndikukupemphani kuti mlaga uliwonse usankhe minda ya okalamba imene mudzaipalire limodzi nthawi ikadzakwana.

Atumiki ayamba kuyenda m'milaga sabata ino kulemba mabanja amene zokolola zawo sizifika Disembala. Alandireni, ndipo auzeni zoona popanda manyazi, chifukwa mndandandawo sudzawerengedwa pagulu. Amene muli ndi nkhani ya ngongole kapena ya munda wopinyolitsa, mundipeze kunyumba ya abusa Lachinayi lililonse masana, kapena uzani mkulu wampingo wa kwanu kuti ine ndidzafike pakhomo panu. Kalatayi iwerengedwe m'nyumba zonse zamapemphero Lamulungu likudzali, ndipo amene ali ndi foni aitumizenso kwa ana athu amene ali kutali.

Mayi abusa akupereka moni kwa nonse. Ambuye akusungeni inu ndi a m'nyumba zanu.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.