Atsikana a m'makoleji a ku America satopera pa makilomita 6, amachita kuimitsidwa

Akonzi,

Ndipatseniko malo ndidandaule za nkhani imene munatulutsa pa tsamba la zamasewero yokhudza mpikisano wa cross country (liwiro la mtunda wautali pa udzu ndi m'zitunda) wa makoleji a ku America, uja unachitikira ku Wisconsin pa 23 Novembala 2024. Poyamba ndinasangalala kuti mwakumbukira zoti pansi pano palinso masewero ena kupatula mpira. Chisangalalocho sichinafike nacho pa ndime yachitatu. Mtolankhani wanu, atamaliza kutamanda anyamata, anatiuza mwachidule kuti atsikana anathamanga makilomita 6 pamene anyamata anathamanga 10, ati chifukwa mtunda umenewo ndi wolingana ndi mphamvu zawo. Anangolemba choncho n'kupitirira, ndipo inu munawerenga n'kuvomereza kuti zisindikizidwe.

Anamuuza ndani zimenezi? Ndi dokotala uti amene anayeza mapapo a atsikanawa n'kupeza kuti mpweya wawo umathera pa kilomita yachisanu ndi chimodzi? Ndikufunsa chifukwa bungwe lomwelo la NCAA, limene limakonza mpikisanowu, chaka chilichonse mu Juni limathamangitsa atsikana omwewo mamita 10,000 m'bwalo, kuzungulira ka 25. Parker Valby wa ku Florida anapambana cross country mu 2023, mu Juni 2024 n'kupambananso mamita 10,000, kenako n'kukathamanga mtunda womwewo ku Olimpiki ya ku Paris. Ndiye tinene kuti mphamvu za mwanayu zimachuluka akaponda m'bwalo, n'kuchepa akaponda pa udzu? Kapena mu Novembala muli china chake chimene chimafoola akazi okha?

Mtolankhani wanu akanangoyang'ana mayina a amene anapambana tsiku limenelo, dzanja likananjenjemera polemba chiganizo chija. Woyamba anali Doris Lemngole wa ku yunivesite ya Alabama, wachiwiri Pamela Kosgei wa ku New Mexico, wachitatu Hilda Olemomoi wa ku Florida. Onse atatu ndi ana a ku Kenya. Pamela ameneyu ndi mng'ono wake wa Brigid Kosgei, amene mu 2019 ku Chicago anathamanga makilomita 42 m'maola 2, mphindi 14 ndi masekondi 4, liwiro limene panthawiyo panalibe mkazi anali atalifikapo. Mkulu wake makilomita 42, mng'ono wake tizimuteteza ku makilomita 10 kuti angakomoke! Ndipo Sally Kipyego, amene anatenga mpikisano womwewu zaka zitatu zotsatizana, 2006, 2007 ndi 2008 ali ku Texas Tech, anakatenga mendulo ya siliva pa mamita 10,000 ku London mu 2012. Zoona mphamvu zochepa zimenezo.

Chimene chandipweteka kwambiri, Akonzi, n'chakuti bodza limeneli ndi lakale, ndipo amene analifalitsa poyamba anali atolankhani. Mu 1928 ku Amsterdam akazi anathamanga mamita 800 ku Olimpiki koyamba. Nyuzipepala zinalemba mokokomeza kuti othamangawo anagwa ndi kutopa, akuluakulu a masewero anamva, n'kuchotsa mpikisanowo. Unadzabwerera mu 1960 ku Rome. Zaka 32 akazi akuletsedwa kuzungulira bwalo kawiri kokha chifukwa cha anthu ogwira cholembera amene mwina iwowo sakanatha kuthamangira basi. Marathoni ya akazi inalowa mu Olimpiki mu 1984, Joan Benoit n'kupambana, dziko silinathe. Lero nyuzipepala yathu, yolembedwa m'chinenero chathu, ikutola maganizo a 1928 n'kuwapatsa ana athu a sukulu kuti awerenge ngati nkhani yatsopano.

Chifukwa chenicheni cha makilomita 6 si chovuta kuchipeza. Ndi chizolowezi cha akuluakulu a NCAA. Anayamba mpikisano wa akazi mu 1981 pa makilomita 5, patadutsa zaka zisanu ndi zinayi dziko lawo litakhazikitsa lamulo la Title IX la 1972, loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'sukulu zolandira ndalama za boma. Mu 2000 anawonjezerapo kilomita imodzi. Imodzi! Kuchokera pamenepo ali phee. Pamene bungwe loyendetsa liwiro padziko lonse, limene pano likutchedwa World Athletics, linathetsa nkhaniyi mu 2017 ku Kampala: amuna amene ankathamanga makilomita 12 ndi akazi amene ankathamanga 8 onse anaikidwa pa 10. Tsiku limenelo pa Kololo akazi a ku Kenya anatenga malo onse kuyambira woyamba mpaka wachisanu ndi chimodzi, Irene Cheptai ali patsogolo. Chodabwitsa china, mpikisano wa dziko lonse lapansi wa 2026 unaperekedwa ku Tallahassee, ku America komweko, pa malo omwewo a Apalachee pamene NCAA inachitira wake mu 2021. Udzu womwewo, zitunda zomwezo: mtsikana akavala malaya a dziko lake ndi wa makilomita 10, akavala a koleji ndi wa 6. Mtolankhani wanu atifotokozere sayansi imeneyo.

Ndikudziwa kuti ku America komweko kuli makochi, ngakhale othamanga ena aakazi, amene safuna kusintha. Amati makilomita 6 amapereka mpata kwa atsikana a mamita 800 ndi 1,500 kuti alowe nawo m'timu, komanso kuti mpikisano wake umakhala wotentha kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Chabwino, amenewo ndi maganizo oti munthu n'kukambirana nawo. Koma ngati makilomita 6 akoma chotero, apatseninso anyamata, nawonso ali ndi anzawo a mamita 800. Kapena onse akumane pa 8, mtunda umene anyamatawo amathamanga kale m'mipikisano yambiri ya m'kati mwa chaka. Chimene palibe wanzeru akunena kumeneko n'chakuti atsikana sangakwanitse. Chimenecho tachiwerenga kwa inu.

Ndipo pothamangira kunyoza, mtolankhani wanu anasiya nkhani yeniyeni. Mu cross country timu imalowetsa othamanga asanu ndi awiri, asanu oyamba kufika ndiwo amawerengedwa, malo amene wafika ndiwo mapointi ako, ndipo wopambana ndi wochepa mapointi. Ndiye mtsikana amene akulimbana ndi mnzake pa nambala 60, kutali ndi makamera, akhoza kupatsa kapena kulanda sukulu yake chikho. Mu 2023 timu ya atsikana ya yunivesite ya NC State inaposa ya Northern Arizona ndi pointi imodzi yokha, 123 kwa 124, n'kutenga chikho kachitatu motsatizana. Mu 2024 ulamuliro umenewo unathetsedwa ndi yunivesite ya BYU ya kochi wamkazi Diljeet Taylor, tsiku limene sukuluyo inatenga zikho zonse ziwiri, cha amuna ndi cha akazi. Zonsezi m'nkhani yanu munalibe. Munali malo a chithunzi cha anyamata, chachikulu ndithu.

Mwina wina afunsa kuti za ku America zikundikhudza bwanji ine wa kuno. Ndaphunzitsa masewero ku sekondale zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kumene chiganizo ngati chija chimakathera. Chimakathera m'kamwa mwa mphunzitsi amene pa tsiku la cross country amauza atsikana kuti akabwerere pa mlatho pamene anyamata akukazungulira phiri. Chimakathera pa tebulo la mphoto, pamene ndinaonapo mnyamata akulandira envelopu, mtsikana wopambana n'kupatsidwa ndowa ndi chitenje, akuluakulu akuomba m'manja. Izi zikuchitika m'dziko limene chaka ndi chaka akazi amanyamuka pa Likhubula mu Porters' Race, kukwera Mulanje mpaka ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsika, makilomita oposa 20, njira yomweyo ya amuna. Kawafunseni a Tereza Master, katswiri wathu wothamanga, ngati anapemphapo kuti awachepetsere phiri. Ndi dziko la Catherine Chikwakwa, amene anatiimirira ku Olimpiki ya ku Sydney ndi ya ku Athens. Ana angati a masiku ano akulidziwa dzina limeneli? Adziwira kuti, poti masamba anu a kumbuyo ndi mpira Lolemba mpaka Lamulungu, kochi wachotsedwa, kochi wabwezeretsedwa, wosewera wakwiya ndi malipiro. Akazi mumawakumbukira ma Queens akapambana, kapena akakangana. Makoleji a ku America akudzaza matimu awo ndi ana a ku Kenya, kuwalipirira maphunziro onse chifukwa cha miyendo yawo, ife atsikana athu a ku Mulanje, Dedza ndi Rumphi tikuwawerengera kuti ndi ofooka.

Pempho langa ndi lalifupi. Konzani chiganizo chija pa tsamba lomwelo, osati m'kangodya ka pansi pa zotsatsa malonda. Mukamalembanso za mpikisano umenewu, mayina a atsikana ndi nthawi zawo zilembedwe monga mulembera za anyamata, ndipo nkhaniyo mupatse munthu amene anaimapo pa mzere womaliza n'kuona. Ngati mulibe, tumizani yemweyo ku Likhubula mu Julayi, muuzeni avale nsapato zolimba ndipo ayese kulondola mayi amene ali pambuyo pa onse.

Mphunzitsi wopuma,
Mulanje