Katundu wa ana a eni usamuike m'manja mwa mnzako uja

Mwana wanga,

Mlongo wako wandionetsa zithunzi pa foni yake. Makatoni mpaka kudenga, majezi, masokosi, nsapato za mpira zomangidwa ziwiriziwiri ndi zingwe zake. Ndaseka ndekha, chifukwa iwe amene lero ukutolera nsapato kwa azungu a ku Leicester ku England ndiwe yemwe unkandibera mapepala a shuga kukamanga chimpombwa kuseri kwa nyumba kuno ku Matero. Ntchito wayambayi ndi yabwino. Atate ako akuuza aliyense kutchalitchi, ngakhale amene sanawafunse.

Koma ine tulo sindikupeza. Ndamva kuti katunduyu akafika, woti amulandire ndi kumusunga mpaka iwe utabwera ndi mnzako uja. Nkhaniyi sindinaimve kwa iwe, ndaimvera kwa ena, ndipo ndikudziwa chifukwa chake unandibisira. Unadziwa zomwe ndinganene.

Kodi waiwala ndalama zimene munasonkha a timu yanu kuti mukasewere ku Kafue? Anasunga ndani? Munapita? Unabwera kunyumba ukulira, iwe wamkulu kale, ndipo mawa lake unali naye limodzi pamsewu mukudya chimanga chootcha ngati palibe chachitika. Umati wasintha, akupemphera masiku ano. Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga, mkati muli nyerere. Ine ndimamuona ndi maso angawa, iwe umamuona pa WhatsApp. Mlamu wako anamupeza mwezi watha masana dzuwa lili pamutu, ali pa bala, akugulira anthu mowa ndi kuwauza kuti kontena yake ili m'njira. Kontena yake! Wamva?

Ukudziwa bwino kuti nsapato ya mpira yochokera kunja sigona pa Soweto Market. Akangoitaya pa mulu wa salaula, palibe amene angasiyanitse yoperekedwa mwaulere ndi yogula m'belo. Makatoni awiri atatu akasowa, adzakuuza kuti anatsala pa doko, kapena anabedwa panjira, ndipo iwe udzatsutsa bwanji uli kutali? Anthu amene anakupatsa zinthuzi anavula ana awo, ena anachotsa m'sitolo ya kalabu yawo, chifukwa unawauza kuti zikupita kwa ana a ku Katete ndi ku Mchinji. Anakhulupirira nkhope yako. Zikapezeka pamsika, dzina loipa lidzakhala lako ndi la atate ako, iye adzangosintha nambala ya foni.

Chinanso, usaganize kuti mawu akuti "mphatso" amatsegula chipata okha. Kaya katundu adzera ku Dar es Salaam n'kulowa pa Nakonde, kaya ku Durban n'kulowa pa Chirundu, a msonkho a ZRA adzafuna mapepala: ndani watumiza, ndani akulandira, muli chiyani, mtengo wake ndi wotani. Zakuti msonkho uchotsedwe zimapemphedwa katundu asananyamuke, m'dzina la bungwe lolembetsedwa, osati m'dzina la mnyamata wa mu komboni. Katundu akakhalitsa mosungira, tsiku lililonse limalipiridwa. Apa ndiye mnzakoyo adzayamba kukuimbira usiku: tumiza zakuti, akufuna zakuti, mawa zikwera. Udzatumiza, chifukwa ndikukudziwa, sutha kukana munthu. Lankhula ndi abusa, mpingo uli ndi mapepala ake ndipo analandirapo kale mabuku ochokera kunja. Ndalama iliyonse ituluke ndi lisiti. Makatoni abwere kuno kunyumba, ndachotsa kale makina osokera m'chipinda chako chija, kiyi ndidzamanga pa chitenje.

Atate ako akuti ndikuuze za nsapatozo, popeza iwo ndiwo odziwa mpira. Akuti zamisomali yachitsulo zija n'za udzu wofewa wa kumeneko. Mabwalo a kumudzi ndi dothi louma gwa, mwana akavala zimenezo amathyoka bondo kapena kuboola mnzake. Sankha zamapulasitiki pansi, ndipo zing'onozing'ono zichuluke, chifukwa mapazi a ana athu si a azungu akuluakulu aja. Mipira uiphwetse kuti ilowe yambiri, koma usaiwale mapampu ndi singano zake. Ine changa n'chakuti atsikana usawasiye. Barbra Banda, katswiri wa mpira uja, anakulira mu Lusaka momuno, lero dziko lonse likumudziwa, ndiye usakapereke zonse kwa anyamata atsikana n'kumangoonerera.

Ndipo kumudzi ukakafika, ukalimbe mtima. Achibale ako omwewa adzakuzungulira. Amalume ako adzafuna jezi yofiira yoti azivala pa msika, asuweni ako adzati mwana wanga alibe nsapato ya kusukulu. Ukangopereka imodzi, basi, mzere sudzatha. Zawo ugule padera ndi ndalama zako, shuga, sopo, mafuta ophikira, bulangete la agogo ako. Za matimu ukapereke wekha ndi manja ako, pamaso pa aphunzitsi aakulu ndi anyakwawa, aliyense asaine m'kabuku chimene walandira. Ujambule zithunzi utumizire eni ake. Kumbukiranso kuti mu Ogasiti masukulu amakhala atatseka, ndiye uwalembere aphunzitsiwo nthawi ikadalipo, ungakapeze zitseko zokhoma.

Za ulendowo. Ndakondwa kuti ukufuna kufika nthawi ya Kulamba, agogo ako sanakuone kuyambira uli wowonda uja, ndipo akuti ngakhale miyendo ikuwavuta adzapita nawe ku Mkaika kukaona Gawa Undi ndi gule. Koma sabata imeneyo msewu umadzaza, anthu ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi kuno komwe, ena ataledzera kuyambira m'mawa. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570. Usanyengeke poti kumeneko mumayendanso kumanzere ngati kuno. Ukapitirira Chongwe ndi Rufunsa pali mapiri a Manenekela, msewu wokhotakhota, malole akutsika mabuleki atatentha, ena atafa pakona popanda chizindikiro koma nthambi za mitengo basi. Nyamuka kukangocha, upawoloke pamenepo kukuwala. Usiku ayi. Mbuzi, ng'ombe, ngolo zopanda nyali, anthu apanjinga, zonse zili mumsewu momwemo kuyambira Nyimba mpaka Katete.

Pa mlatho wa Luangwa uime, upume, undigulire nsomba zouma pobwerera. Unali wamng'ono pamene tinaima pamenepo pa basi, unalirira dengu laling'ono mpaka atate ako anagula kuti ukhale chete, ndipo unagona nalo mpaka ku Petauke. Nthochi za ku Nyimba ugulire agogo ako.

Ndamvanso kuti woyendetsa galimoto akhala mnzako yemweyo. Mwana wanga, ukufuna ndife ndi mtima? Munthu amene amayamba mowa dzuwa lisanapendeke ndiye akutsitse pa Manenekela? Adzakuuza kuti botolo limodzi limamutsegula maso. Tenga mlamu wako, ali ndi laisensi, sakumwa, ndipo msewuwo amaudziwa. Ngati ukuchita manyazi kumukana mnzakoyo, unene kuti amayi akana. Andide ine, ndazolowera.

Ukafuna kuwolokera kwa azakhali ako ku Mchinji, pa Mwami galimoto sidutsa ndi pasipoti yako yokha. Pafunika buku la galimoto, kalata ya mwini wake yolola kuti ituluke m'dziko, ndi inshuwalansi ya COMESA ija ya khadi lachikasu. Ndipo makatoni amene anamasulidwa kuno sanamasulidwe ku Malawi, kumeneko akakufunsanso a msonkho awo. Uyu mnzako adzakuuza kuti akudziwa njira yachidule ya m'minda, kapena kuti ali ndi munthu wake pa chipata. Ukadzamva mawu amenewo udzatseke makutu. Ukagwidwa ndi katundu wozembetsa, ntchito yako ya ku England udzaifotokozera bwanji?

Sindikumuda mwana wa eni ake. Amayi ake tinkagulitsa limodzi tomato, ndipo usiku uja wa 2012 pamene Chipolopolo, timu ya dziko lathu, inatenga chikho cha Africa ku Libreville, anali m'nyumba muno, munalumpha nonse mpaka kuthyola mpando wa atate ako. Ukafuna kumuthandiza, mugulire thumba la ufa, umupatse ndalama yako imene ukudziwa kuti sibwerera. Koma makatoni aja asawakhudze, ngakhale kunyamula kuchoka pa galimoto kufika pakhomo.

Undiyankhe ine mwini, osati kudzera kwa mlongo wako. Undiuze dzina limene walemba pa mapepala a kontena, ndipo ngati ndi lake, ulisinthe sabata ino katundu asanakwere sitima. Abusa ndawauza kale kuti uwaimbira. Atate ako akupereka moni, akuti ngati pali jezi ya Patson Daka yotsala, iwo sakupempha, akungofunsa. Ndawauza kuti nawonso agule.

Ndine,
Amayi ako