Ntchito ya ku Norway kapena Sweden siyambira kwa ajenti

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi achinyamata a kuno ku Zomba, makamaka omaliza ku Chanco ndi anamwino athu, amene akugawana mauthenga a pa WhatsApp olonjeza ntchito ku Norway, Sweden, Denmark ndi Finland. Ntchito kumeneko ziliko ndithu, koma chilolezo chimachokera ku boma la dzikolo, ndipo chimayambira pa kalata ya kampani imene yakulembani. Wina akamati mumutumizire ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akukonzereni viza, mufunseni dzina la kampaniyo, muifufuze nokha, muilembere nokha. Akayamba kuzungulirazungulira, ndalama zanu zisatuluke m'thumba.

Msampha woyamba ndi viza ya alendo ya Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya olowedwa ndi viza imodzi. Imakulolani kukhala masiku 90 pa masiku 180 alionse, koma siilola kugwira ntchito. Akakupezani mukugwira amakubwezani, ndipo angathe kukutsekerani maiko onse a Schengen kwa nthawi.

Maofesi oona za zilolezo ndi odziwika: UDI ku Norway, Migrationsverket ku Sweden, SIRI ku Denmark, Migri ku Finland. Ku Sweden bwana ndiye amayambitsa pempho, ndipo ntchitoyo iyenera kuti idalengezedwa kaye masiku osachepera 10 kwa nzika za ku Ulaya. Mu Novembala 2023 dzikolo lidalamula kuti malipiro a wolowa pa chilolezo cha ntchito asachepere 80 peresenti ya malipiro apakatikati a dzikolo, kutanthauza kuti nthawiyo asachepere 27,360 kronor pamwezi. Ndiye amene akukulonjezani yokolopa kapena yotsuka mbale ku Stockholm mumufunse kuti malipirowo afika bwanji pamenepo. Ku Norway, pa chilolezo cha antchito aluso, UDI imafuna digiri kapena maphunziro a luso la manja a zaka zosachepera 3, ndipo ntchitoyo igwirizane ndi zimene mudaphunzira. Wa digiri ya akaunti sangalowe pa chilolezo chimenechi kukadula nsomba m'fakitale.

Pamene ambiri amagwa ndi pa mapepala, ndipo apa ndiye ndikupempha tidekhe. Dzina lifanane pa pasipoti, pa chitupa cha unzika, pa setifiketi ya MSCE ndi pa digiri. Kwathu kuno sizachilendo munthu kulembetsa mayeso ndi dzina la amalume, kenaka pasipoti n'kutenga ndi la bambo, kapena chaka chobadwa n'kusiyana. Ofesi yakunja ikaona zotere imaimitsa pempho, miyezi n'kumapita. Mwayi wathu ndi wakuti likulu la MANEB ndi University of Malawi zili pakhomo pompano. Pitani mukatenge zotsimikizira ndi ndandanda wa magiredi musanayambe n'komwe kufunsira ntchito, ndipo akafuna chidindo cha boma, mapepalawo apite ku Unduna wa Zakunja ku Lilongwe. Onaninso kuti pasipoti yatsala ndi nthawi yokwanira, chifukwa kawirikawiri chilolezo sichipitirira tsiku limene pasipoti ikutha.

Anamwino ndi madokotala, ulendo wanu ndi wautali kuposa wa ena. Simungagwire odwala popanda chilolezo cha Helsedirektoratet ku Norway kapena Socialstyrelsen ku Sweden. Norway imafuna chilankhulo chake pa mlingo wapamwamba wotchedwa B2, Sweden pa C1 umene ndi woposa pamenepo, ndipo Chingerezi chokha sichikwanira, ngakhale anthu akumeneko amachilankhula bwino. Pamakhalanso maphunziro kapena mayeso owonjezera. Dziwaninso kuti Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa 2023 wa maiko osowa ogwira ntchito zachipatala, kumene makampani sayenera kudzakopako anthu. Munthu payekha angathe kufunsira, koma ajenti wosonkhanitsa anamwino ngati akutola ngumbi ndi wokayikitsa.

Mukafika, ndalama zimatuluka malipiro asanalowe. Ku Norway mwininyumba amafuna chikole, kawirikawiri cha miyezi 3, ndipo lamulo limati chisungidwe mu akaunti yapadera ya ku banki m'dzina lanu, osati m'manja mwake. Tengani msanga khadi la msonkho lotchedwa skattekort. Popanda ilo bwana amadula theka la malipiro. Kuzizira kwake musakuyese ndi kwa pa Ku Chawe mu Juni: pamafunika jekete ndi nsapato zokonzedwera chipale, ndipo kumpoto monga ku Tromsø dzuwa silituluka kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale.

Pasipoti yanu asakusungireni bwana kapena ajenti. Wokulandani pasipoti, kapena wokuuzani kuti mugwire miyezi osalipidwa pobweza ndalama ya ndege, mukam'nene ku polisi ya komweko. Kwathu kuno lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu limagwira amene amatumiza anthu mwanjira imeneyi, choncho makolo amene mwana wawo wapemphedwa ndalama zotere apite ku polisi ya Zomba ndi mauthenga onse ali pafoni asanafufutidwe.

Ine wanu,
Wowerenga, Zomba