Lipoti la miting'i ya masukulu a magnet ku Hartford

Moni a Tcheya, amayi ndi abambo nonse pa gulupu pano. Ndabwerako ku miting'i ija munandituma Loweruka, pepani ndachedwa kulemba, shifiti ya usiku inandigwira masiku awiri otsatizana ndiye mutu sumagwira. Munandipatsa mafunso awiri, loyamba masukulu a magnet amenewa ndi chani kwenikweni, lachiwiri ana athu tiwalembetse kapena ayi. Yankho langa ndi loti tilembetse, koma muwerenge kaye mpaka pansi chifukwa muli zina zomwe sizinandisangalatse.

Anthu analipo ambiri ndithu, makolo a muno mu Hartford, likulu la steti ya Connecticut kuno ku America, ena ochokera ku East Hartford ndi Manchester, olankhula Chisipanishi anali ndi owamasulira awo pakona. Anayamba ndi mbiri, ine ndimati aaa zotitayitsa nthawi izi tipatseni mafomu tizipita, koma pamapeto ndaona kuti popanda mbiriyo lotale yawo yosankhira ana simungaimvetse.

Nkhani yake ndi iyi. Connecticut ili ndi matawuni 169 ndipo kuyambira 1909 lamulo linati malire a tawuni ndiwonso malire a sukulu, mwana amaphunzira komwe makolo ake amagona. Ndalama zambiri zoyendetsera sukulu zimachokera ku msonkho wa nyumba, ndiye mukudziwa kale kusiyana kwa nyumba za kumatawuni olemera ngati Avon kapena Simsbury ndi za ku North End, dera losauka la mu Hartford. Azungu atasamukira kumatawuni ozungulira, masukulu a mu Hartford anatsala ndi ana achikuda ndi a ku Puerto Rico pafupifupi okhaokha, ambiri ochokera m'mabanja osauka. Sipanalembedwe paliponse kuti wakuda asalowe, adiresi yokha imagwira ntchito yonseyo.

Ena a inu mufunsa kuti nanga si khoti lalikulu la America linaletsa kale tsankho m'masukulu mu 1954 pa mlandu wa Brown v. Board of Education? Linaletsadi. Koma mu 1974 pa mlandu wa ku Detroit, Milliken v. Bradley, khoti lomwelo linati simungakakamize matawuni a kunja kuti asakanize ana ndi a mumzinda pokhapokha mutaonetsa kuti iwowo anachita nawo dala tsankholo. Apa ndiye chitseko chinatsekeka. Chaka chomwecho ku Boston anayesa kunyamula ana pa basi mokakamiza, anthu anagenda mabasi muli ana momwemo. Ndiye akuluakulu anati bwanji m'malo mokankha anthu tiwakope, timange sukulu yabwino kwambiri yokhala ndi luso lake lapadera, sayansi, zoimbaimba, zandege, kuti mzungu wa ku Glastonbury afune yekha kutumiza mwana wake mutawuni. Dzina loti magnet likuchokera pamenepo, maginito okoka makolo.

Kuno kwathu zinabwera chifukwa cha mlandu wa Sheff v. O'Neill. Unayamba mu 1989, Milo Sheff anali kamnyamata ka giredi 4, mayi ake Elizabeth Horton Sheff ndi mabanja ena anasumira boma la Connecticut, O'Neill ndiye anali gavanala nthawi imeneyo. Anachenjera, sanadalire malamulo a federo aja anatsekeka ku Detroit, anagwira konstitushoni ya Connecticut yomwe imaletsa tsankho mwachindunji. Mu 1996 khoti lalikulu la steti linawapatsa chilungamo, majaji anayi kwa atatu, linati kaya boma linachita dala kaya ayi, ana kukhala opatulidwa chonchi ndi kuphwanya lamulo. Koma khotilo silinanene chochita, linasiyira andale, ndiye mukudziwa andale, mgwirizano woyamba weniweni unadzabwera mu 2003, Milo atakula kalekale.

Panopa dera la Hartford lili ndi masukulu a magnet pafupifupi 40, ena amayendetsa ndi Hartford Public Schools ena ndi CREC, bungwe la maphunziro la dera lonseli. Anationetsa zithunzi za Greater Hartford Academy of the Arts, Academy of Aerospace and Engineering ya ku Windsor, University High School of Science and Engineering, komanso a Montessori a ana ang'onoang'ono. Zomanga zake eee, kunena zoona ndinasilira. Pali njira inanso, Open Choice, pomwe mwana wa mu Hartford amakaphunzira pa sukulu wamba ya tawuni ina ngati West Hartford kapena Farmington. Iyi ndi yakale, inayamba mu 1966 ikutchedwa Project Concern. Zonsezi fomu yake ndi imodzi, imadutsa ku Regional School Choice Office, ndipo kusankha kwake ndi lotale, ambiri mwa masukuluwa salembetsa mayeso olowera. Amene tinakulira ku Malawi tinazolowera kuti mayeso a Sitandade 8 ndi amene amagamula kuti upita ku nashonolo kapena ku CDSS, kuno khalani mukudziwa kuti mwana wanu akhoza kukhala nambala wani koma kompyuta osamutola.

Tsopano pomwe ndinakhala tsonga. Kwa zaka zambiri lamulo linali loti sukulu ya magnet isapitirire 75 peresenti ya ana achikuda ndi achi Latino, otsalawo akhale azungu kapena achi Asia, apo bii sukuluyo siwerengedwa kuti yasakaniza ndipo ndalama zake zimakhala pachiswe. Ndiye zimachitika ndi zoti azungu akapanda kubwera okwanira, madesiki ena amangokhala opanda munthu pomwe ana achikuda ali pa mndandanda kudikira panja, taganizani, sukulu ili pa msewu wako womwe, mpando ulipo, koma akuti dikira kaye abwere a kunja. Makolo ena a mu Hartford anakasuma za zimenezi mu 2018. Mu 2020 anasintha, lotale inasiya kuyang'ana khungu nkuyamba kuyang'ana kapezedwe ka banja ndi dera lomwe ukukhala, ndipo mu 2022 panabwera mgwirizano womaliza pomwe boma linalonjeza kuonjezera malo mpaka ana a mu Hartford ofuna sukulu zimenezi azipeza. Lonjezo ndi lonjezo, ine ndikhulupirira ndikaona mndandanda wodikira utatha.

Ndikunena izi chifukwa ena mwa ife timadzinamiza kuti nkhani za tsankhozi ndi za eni dziko, ife ndife alendo tinangobwera kudzagwira ntchito. Pa fomu mwana wanu ndi Black basi, palibe bokosi la Mchewa kapena Mtumbuka, ndipo adiresi yanu ikakhala ya ku Albany Avenue ku North End akuwerengerani chimodzimodzi ndi aneba anu.

Mayi wina wachikuda anaimirira nthawi ya mafunso, analankhula zomwe zinandikhudza. Anati mwana wake amadzuka mdima kukadikira basi yopita ku tawuni ya kunja, amabwerako kutada nthawi yozizira, masewera a madzulo sachita nawo chifukwa basi sidikira, ku miting'i ya makolo iyeyo safika poti alibe galimoto, ndipo m'kalasi mwanayo ali yekha wakhungu lake. Anafunsa kuti bwanji nthawi zonse oyenda mtunda ndi ana athu. Oyankha anayesetsa koma zoona zake ndi zoti mu Open Choice tawuni iliyonse imanena yokha kuti chaka chino tili ndi malo angati, palibe oikakamiza. Bambo wina naye anafunsa za ana omwe lotale yawasiya, amabwerera ku sukulu ya m'dera yomwe ija, pomwe makolo odziwa kuthamanga ndi mafomu achotsamo ana awo. Apa m'holo munakhala kaye zii.

Munthu wina wophunzitsa za malamulo anatchulanso za ku Kansas City, komwe khoti linalamula kumanga ma magnet apamwamba, anawononga ndalama pafupifupi 2 biliyoni dola, mpaka dziwe losambira la saizi ya Olimpiki, koma azungu sanabwere mmene amayembekezera ndipo mu 1995 khoti lalikulu linaimitsa. Mfundo yake inali yoti nyumba yokongola payokha sikoka munthu amene sakufuna kukokedwa. Hartford yachitako bwino kuposa pamenepo chifukwa ana amadutsadi malire a matawuni tsiku ndi tsiku, izi ndavomereza, koma ine ndikuona ngati akupungula madzi m'bwato loboola, bowo lake ndi nkhani ya nyumba, kuti ndani angakwanitse lendi kuti.

Ndiye a Tcheya, maganizo anga pa zochita ndi awa. Amene muli ndi ana a zaka 3 ndi 4 musachedwe, malo ambiri amatseguka ku pre-K ndi kindergarten (makalasi a mkombaphala), komanso poyambira middle school ndi giredi 9, m'makalasi apakatiwa mumangodikira wina asamuke. Mwana mmodzi akalowa, abale ake amapatsidwa mwayi woyamba pa sukulu yomweyo, ndiye lembani zoona pa fomu kuti ali ndi mchimwene kapena mchemwali kumeneko. Mafomu amatsegulidwa nthawi yozizira, zotsatira zimatuluka kukayamba kufunda, ndipo akakupatsani malo pamakhala masiku owerengeka oti muvomere, imelo yanu muziitsegula chonde, osati ija munaiwala pasiwedi. Inu a ku Manchester ndi Bloomfield nanunso mukhoza kulembetsa ku magnet, si za okhala mu Hartford okha. Musangotengeka ndi dzina la sukulu, funsani kuti basi imanyamula nthawi yanji ndipo imaima pati, makamaka ife ogwira mashifiti.

Timabuku ndatenga tokwanira mabanja khumi, ndibwera nato Lamulungu tikatuluka tchalitchi. Ndikupempha kuti tipeze anthu awiri odziwa kompyuta akhale ndi laputopu tsiku limenelo tithandizane kudzaza mafomu, ine ndibweretsa yanga. Ndalama ya mafuta munandipatsa ija yatsalako pang'ono, ndipereka kwa a Msungichuma pamodzi ndi lisiti ya pakingi.