Lipoti la msonkhano wa ku Ulongwe wokhudza ana olumala ubongo

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga a Chigwirizano ndi nonse amene munandituma, landirani moni m'dzina la Ambuye.

Msonkhano uja unachitikira ku Vila Ulongwe. Kunali nthumwi za mipingo ya kuno ku Angónia, ena anachokera ku Tsangano ndi ku Macanga. Funso linali lakuti Mkhristu aziwaona bwanji ana olumala ubongo, ndiponso mavuto a m'mabanja mwawo.

Tinayamba ndi Yohane 9, pomwe ophunzira anafunsa Yesu za munthu wobadwa wosaona kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri. Abusa ophunzitsa anati funso lomwelo tikulifunsabe, kungoti ife timanong'onezana kuseri: ati bambo ake anakhwimira golosale, ati mayi ake anaphwanya mwambo ali ndi pakati.

Namwino wina anatchula zomwe zimayambitsa vutoli: malungo okwera m'mutu, mwana kuchedwa kupuma pobadwa, mayi woyembekezera kusowa ayodini. Chonde amayi, pogula mchere tiziona kuti ndi wa ayodini. Down syndrome, kulumala kwina kobadwa nako, nayo anati imabwera kromozomu (tinthu ting'onoting'ono ta m'thupi tonyamula chibadwa chochokera kwa makolo) ya nambala 21 ikakhala itatu m'malo mwa iwiri. Ufiti mulibemo. Anatikumbutsanso kuti mu 2012 Mozambique inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala.

Mkulu wina anati ana otere Mulungu amatipatsa kuti tiphunzire kupirira. Ambiri anagwedeza mutu kuvomereza, koma ine mtima sunakhazikike. Mwanayo sanabadwire kudzakhala phunziro langa. Ndi munthu wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu monga Genesis 1:27 akunenera. Ndipo zambiri zomuzunza sizichokera kumwamba. Ndife timamutsekera m'nyumba tikamapita kokumba mbatata, ndife timasendera kutali pa benchi akamatuluka dovu.

Pomwe panavuta kwenikweni ndi pa Mgonero. Mayi wina anasimba za mwana wake, mnyamata wamkulu ndithu wandevu zake. Loweruka amasesa tchalitchi, nyimbo amaziimba pamtima, koma mayankho a Katekisma sakhala m'mutu mwake, choncho kalasi samaliza. Mbale ya mkate ikafika pamzere wake amatambasula dzanja, mkulu wa mpingo n'kumulumpha, iye n'kucheukira mayi ake. Mayiwo analephera kupitiriza, misozi ili chuchuchu.

Ena anaimirira ndi 1 Akorinto 11, kuti wodya mkate ayambe wadziyesa yekha. Ndinawamvetsa, chifukwa akuopa kupeputsa gome la Ambuye. Ena anati tingotsegula chaputala 12 cha kalata yomweyo, pomwe Paulo akuti ziwalo zooneka zofooka ndizo zofunika m'thupi. Dzuwa linapendeka tisanamvane, ndipo nkhaniyi yabwezedwa ku mabwalo a akulu a mipingo. Ine ndili mbali ya mayi aja, sindibisa. Chikhulupiriro cha mnyamatayo chikuoneka, ngakhale pakamwa pake sipatha kuchilongosola.

Tsono ndikupempha abusa ndi akulu kuti nkhani ya Mgoneroyi ilowe pa bwalo lathu lotsatira. Madikoni ayendere mabanja a m'miraga yathu amene ali ndi ana otere; tikuwadziwa tonse, ngakhale ena sitinawaone m'tchalitchi chaka chonsechi. Amayi a Chigwirizano, tikakumana Lachinayi tigawane masabata okakhala ndi anawo kuti amayi awo nawonso apeze mpata wopita kumunda ndi kuchipatala.