Usaleke kumumwetsa, mwananga

Wokondedwa mwananga,

Ndikhulupirira kwacha kumeneko ku Chikanda. Kuno ku Jali tadzuka, koma ine tulo sindinatione chiimbireni foni dzulo usiku. Unayankhula mothamanga, netiweki nayo ikudukaduka, ndipo chapatali ndimamva mdzukulu wanga akulira ndi mawu otopa. Ndikanakhala bwino ndikanakwera kabaza m'mamawa, koma mwendo uja watupanso, ndipo msewu wathu ndi mvula ino ukuudziwa. Ndiye ndati ndilembe. Muwerenge awiri ndi apongozi anga.

Wanena kuti anayamba ndi kusanza Lachiwiri, kenako m'mimba munatseguka, kasanu kapena kuposerapo patsiku, ndipo wandifunsa mankhwala oti atseke. Mwananga, maso ako asakhale pa kutseka. M'mimba mwa mwana nthawi zambiri mumatseka mokha pakatha masiku angapo, kusanza kumayamba kuleka pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Chimene chimatenga ana ndi kutha kwa madzi m'thupi. Kathupi ka mwana wa chaka chimodzi ndi miyezi inayi n'kakang'ono, sikasunga madzi ambiri. Akataya kumtunda ndi kumunsi osabwezera, usiku umodzi ndi wokwanira kumufooketsa.

Izi sindikunena za m'buku. Mkulu wako uja amene sunamuone, amene manda ake timalambula chaka ndi chaka, anapita ndi matenda omwewa. Nkhaniyi sindinakuuzepo yonse. Anali atangoyamba kuyenda. Atayamba kutsegula, akuluakulu anati ndi mano akumera, zitha zokha. Tsiku lachiwiri liwombo linalowa m'kati, iwo nati ndi matenda a liwombo, nasinja mankhwala n'kumata pamutu. Ndiye panali mawu amene mpaka lero amandilasa: anati usamupatse madzi, ukuwonjezera zoti azitulutsa. Ine ndinali mtsikana, ndinamvera. Mwana akuloza mtsuko ndi kadzanja, ine n'kumutembenuza kuti asauone. Pomwe tinkanyamuka kupita kuchipatala tsiku lachitatu, anali atasiya ngakhale kulira. Akuluakulu aja sindiwada, anatipatsa zimene ankadziwa. Koma liwombo lija linalowa chifukwa madzi anatha m'thupi, ndipo mankhwala ake anali mumtsuko womwe uja. Ndinadzamva zimenezi patapita zaka, kusikelo, iwe uli kumsana, ndipo ndinalira pamaso pa amayi anzanga.

Choncho lero lomwe, ngati simunatero kale, pezani mapaketi a Thanzi ORS. Kuchipatala cha boma amapereka, kwa alangizi a zaumoyo aliponso, m'mafamase a m'tauni amagulitsa. Paketi imodzi isungunulidwe m'lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa, kapena othira kolorini. Lita imodzi ndi mabotolo awiri a 500 ml, muwatsuke bwino. Musathire theka la paketi m'kapu mongoyerekeza ndi maso, chifukwa mchere ukachuluka umavulaza mwana. Musawonjezere shuga kapena Sobo poti akomere. Mukasungunula vindikirani, ndipo otsala akafika mawa nthawi yomweyo, maola 24 atakwana, mutaye n'kupanga ena.

Nthawi iliyonse akatsegula, amwe kota kapena theka la kapu, ndiye kuti 50 mpaka 100 ml, poti sanakwane zaka ziwiri. Ngati akufunabe, mupatseni. Apa ndi pamene makolo ambiri amagonja, ndiye ndimve bwino. Mwana wosanza ukamupatsa kapu yodzaza, amagugudiza chifukwa cha ludzu, kenako zonse zimabwerera. Iwe umaona ngati wataya nthawi, n'kusiya. Ayi. Akasanza dikira mphindi khumi, yambanso ndi supuni yaing'ono, imodzi, upume pang'ono, inanso. Ngakhale akusanza, pang'ono pamatsalira m'mimba, ndipo pang'onopo ndi pamene pali moyo wake. Ndi ntchito yotopetsa, ya usiku wonse, supuni ili m'manja maso akulemera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukasowa Thanzi pakati pa usiku, sungunulani masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga, osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi abwino. Ulawe wekha, mchere wake usapose wa misozi. Zimenezi n'zongogwirizira mpaka kuche.

Bere asamuchotse. Ndamva kuti anthu ena kumeneko auza apongozi anga kuti mkaka wawo wasasa chifukwa anachokapo tsiku lathunthu kupita kumaliro. Mkaka susasa m'bere. Ayamwitse pafupipafupi kuposa masiku onse, usana ndi usiku.

Kuchipatala mukapemphenso zinki. Ndi timapiritsi tosungunuka mu supuni ya madzi kapena ya mkaka wa m'mawere. Pa msinkhu wakewo ndi piritsi limodzi la 20 mg tsiku lililonse kwa masiku osachepera khumi, monga angakuuzireni adokotala. Zinki amafupikitsa matendawa ndipo amamuteteza kwa miyezi iwiri kapena itatu yakutsogolo. Koma anthu akaona mwana wayamba kusewera pa tsiku lachinayi amasiya, otsalawo n'kusungira mwana wina. Inu mumalize onse.

Za makapisozi a pa okala, Flagyl, Bactrim ndi ena amene anzako akukutchulira, ndikukupempha, usagule. Kutsegula kwambiri kwa ana kumabwera ndi mavairasi, ndipo mankhwala amenewo sawakhudza n'komwe. Amangosokoneza m'mimba. Mapiritsi otseka m'mimba amene akuluakulu amamwa akakhala paulendo ndi oopsa kwa mwana wamng'ono. Ngati pakufunika mankhwala ena, anene ndi wachipatala amene wamuona mwanayo. Fanta ndi Coke nazonso ayi, shuga wake amakokera madzi m'matumbo.

Akayamba kulola, adye. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, la Likuni ngati lilipo, nthochi yakupsa yopota, mbatata, msuzi wa usipa, pang'onopang'ono koma kambirimbiri. Osamukakamiza momutsina mphuno. Akachira mumuwonjezere chakudya kamodzi patsiku kwa masabata awiri, kuti thupi limene lataika libwerere. Pasikelo yotsatira mudzaona nokha mzere wa m'kabuku mwake.

Tsopano za nthawi yothamanga. Thewera lake muziliyang'ana, osati chimbudzi chokha, komanso mkodzo. Akatha maola asanu ndi limodzi kapena kuposa osakodza, ndiye kuti madzi akuchepa. Akamalira popanda misozi, m'kamwa mwauma, maso alowa m'kati, liwombo lalowa, nyamukani. Tsina khungu la pamimba pake n'kulisiya: likabwerera msanga zili bwino, likatsala chiimire ngati nsalu yokwinyika, musadikire kuti kuche. Chimodzimodzi akalefuka osafuna kudzuka, akakana bere ndi madzi, akamasanza chilichonse, akakomoka, kapena mukaona magazi m'chimbudzi. Thupi likatentha akamuyeze malungo, chifukwa nyengo ino malungo amabisala kuseri kwa kusanza. Inu muli ndi mwayi, Zomba Central ili pafupi, Matawale iliponso. Ine ndinayenda wapansi. Ndalama ya kabaza ya usiku ikhale padera kuyambira lero, nambala ya wanjinga yamoto amene mumamukhulupirira ikhale mufoni, ndipo m'njira muzipita mukumumwetsa. Mukakayikira, imbani ku Chipatala Cha Pa Foni, akuthandizani nzeru.

Pali china chimene sindifuna kuchitchula koma ndiyenera. Chimbudzi chikakhala chamadzi okhaokha, choyererako ngati madzi otsukira mpunga, chikungotuluka mosalekeza, kapena wamkulu aliyense m'nyumbamo akayamba chimodzimodzi n'kumadandaula kukokana kwa miyendo, ganizirani kolera ndipo thamangani nthawi yomweyo. Ife a kufupi ndi nyanja ya Chilwa timaidziwa. Ukukumbuka mliri uja unayambira ku Machinga m'mwezi wa Marichi 2022 n'kufalikira dziko lonse, unatenga anthu oposa 1,700. Kolera sapereka masiku, amapereka maola.

Ndibwere kwa otsala m'nyumbamo, mlongo wake wa Sitandade 2 uja, ndi mwana wa achemwali ako amene mukumusunga. Matendawa sauluka ndi mphepo ngati chimfine. Amachoka m'chimbudzi ndi m'masanzi a wodwala, n'kukwera m'manja, m'kapu, pa ntchentche, mpaka m'kamwa mwa wina. Anthufe timati chimbudzi cha mwana n'chosaopsa, timangochikokolola ndi tsamba n'kuponya kuseri kwa nyumba. Chimenecho ndiye choopsa zedi panopa. Chilichonse chipite m'chimbudzi, ndipo pabowo pakhale chovindikira. Ndikudziwa kuti pa poloti panupo mabanja anayi mumalowa chimbudzi chimodzi. Auzeni anzanuwo mosabisa kuti mwana akudwala, nawonso ali ndi ana. Palibe chamanyazi. Muthire Jik kapena kolorini pansi ndi pachitseko pamene manja amagwira.

Matewera ndi zitenje zoipitsidwa zikhale ndi beseni lakelake, lisakhale lomwe mumatsukira mbale kapena kusambitsira ana. Muchape ndi sopo, muyanike padzuwa likangotuluka, madzi ake mukathire m'chimbudzi, osati mungalande momwe ana amasewera. Ku Likangala musapite nazo, kumunsi kuli anthu akumwa madzi omwewo. Ngati mukugwiritsa matewera ogula, musaponye padzala poti agalu azikoka. Pamene wasanzira, pansi kapena pamphasa, pukutani msanga ndi madzi a kolorini, ndipo atsikana awiriwo asatumidwe ntchito imeneyi.

Kusamba m'manja ndikudziwa kuti mukuti mumasamba. Koma ndinaona nditabwera chaka chatha: beseni limodzi likuzungulira, kuyambira iwe bambo mpaka mwana womaliza, amene amasamba litsiro la nonse. Chizolowezi chimenecho tinakulira nacho, ndipo chikhale chitathera pompa. Wina athirire mnzake ndi jagi, sopo ali pomwepo, mpaka kuzikhadabo. Panja pa chimbudzi mangani mpondagiya, kachigubu ndi chingwe ndi timitengo titatu, ntchito ya mphindi zochepa. Sopo akatha, phulusa lilipo pa mbaula. Sanitaiza uja munazolowera nthawi ya Covid musamudalire pa matenda awa, ena mwa mavairasi a m'mimba samumva. Amene wasintha thewera asagwire mthiko asanasambe ndi sopo. Kunena zoona, ndikanakonda masiku ano wosamalira mwana akhale wina, wophika akhale wina.

Ndipo pamenepa ndikunena iwe. Apongozi anga sangayamwitse, kuchapa, kumwetsa usiku wonse, kukatunga madzi kukiyosiki, kenako n'kukuphikira nsima. Mutu umodzi susenza denga. Ndinakuphunzitsa kuphika uli ku sekondale, manja ako sanaiwale. Phika ndiwe, kapena tenga supuni kuyambira pakati pa usiku kuti iwo agoneko. Anzako a kuntchito anene zimene anganene. Mayi wotopa ndi amene amaiwala kusamba m'manja, ndipo iwo akagwa nonse mwagwa.

Madzi akumwa muwiritse mpaka abwadamuke, kapena muthire WaterGuard monga zalembedwera pabotolo n'kudikira mphindi 30. Ngakhale a pampopi, nyengo ya mvula ino mapaipi amaphulika, ndiponso madzi abwino amaipira m'ndowa momwemo, aliyense akamaviika kapu ndi zala zake. Ndowa ikhale yovindikira, kapu yotungira ikhale imodzi ya chogwirira, yomwera ina. Mwana wodwalayo akhale ndi kapu, supuni ndi mbale zake. Mlongo wake amakonda kumulawira phala ndi kumupsompsona, umuuze mwachikondi kuti adikire kaye. Mango atsukidwe, ndiwo zogona zitenthetsedwe mpaka zibwate, zakudya zonse zivindikiridwe.

Akasiya kutsegula musafulumire kunena kuti zatha. Linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Tizilomboti timatulukabe m'chimbudzi chake kwa masiku angapo iye akuseka kale. Asapite kumkomba phala kapena kukasewera ndi makanda a anzanu mpaka patadutsa masiku awiri osasanza, osatsegula. Wina mwa atsikanawo akayamba, asapite kusukulu, ndipo Thanzi yemweyo amwe, kapu yathunthu akatsegula. Ukapeza mpata tsegulanso kabuku kake ka kuchipatala uone ngati analandira katemera wa rota, madontho a m'kamwa aja a pa masabata 6 ndi 10. Boma linayamba kupereka katemerayu mu 2012. Satseka matenda onse a m'mimba, koma amachepetsa ukali wa amene ankagoneka ana ambiri m'zipatala. Nthawi ya mkulu wako kunalibe.

Mawu omaliza ndi a m'nyumba mwanu. Mwana akadwala chotere, pakamwa pa anthu sipachedwa. Ena ati ndi tsempho, wina mwa inu wayenda molakwika. Ena ati mayi ndi auve. Ndaona mabanja akukangana mwana ali gone pamphasa, supuni itagwa pansi. Aliyense wobwera ndi nkhani zimenezo, ngakhale akhale m'bale wathu, umulandire mwaulemu, umuuze kuti mwamva, koma apongozi anga usawaloze chala ndipo usalole wina awaloze. Ana a m'nyumba zaukhondo nawonso amatsegula m'mimba. Pa msinkhu uwu chilichonse chimene watola chimapita kukamwa.

Mawa nditumiza ufa wa mgaiwa, nsinjiro ndi phava la nthochi ndi mnyamata wa njinga amene amabweretsa mpunga kumsika waukulu, ukamudikire cha m'ma 10 koloko. Madzulo ano uimbe, ngakhale kungofulasha ndidzaimba ndine. Ndikufuna undiuze kuti wakodza kangati kuyambira m'mawa, ndiponso ngati akulira ndi misozi. Amayi a mumpingo tikumana masana ano, timupempherera. Upereke moni kwa apongozi anga, uwauze kuti nawonso azimwa madzi ambiri ndi kudya, poti akuyamwitsa.

Ndine mayi ako.